Mabomba a pa ofesi ya kazembe wa China ku Belgrade: analipira ndani, analangidwa ndani?

Jere:
Akuluakulu, dziko likaphulitsa ofesi ya kazembe wa dziko lina lomwe silikumenyana nalo, kenako n'kunena kuti "tinalakwitsa", mlandu umathera pati? Titenge nkhani ya ku Belgrade, poti mapepala ake ambiri ali poyera. Usiku wa pa 7 Meyi 1999, nthawi imene NATO, mgwirizano wa zankhondo wa America ndi maiko anzake, inkaphulitsa Yugoslavia pa nkhani ya Kosovo, ndege ya America ya B-2 inaponya mabomba asanu pa ofesi ya kazembe wa China. Anafa atolankhani atatu: Shao Yunhuan wa bungwe lofalitsa nkhani la Xinhua, ndi Xu Xinghu pamodzi ndi mkazi wake Zhu Ying, a nyuzipepala ya Guangming Daily. Ovulala anaposa 20. Pa 10 Meyi nduna ya zakunja ya China, Tang Jiaxuan, inauza America zinthu zinayi: ipepese poyera, ifufuze mokwanira, iulutse zimene yapeza, ndipo ilange koopsa amene anachititsa. Pa zinayizi zinachitikadi n'ziti?

Mwale:
A Jere, tisanafike pa chilango timvetse kaye chimene chinalakwika, chifukwa ambiri amangoti "mapu akale" n'kusiyira pomwepo. Ndege sinasochere, mabombanso sanaphonye. Anali a JDAM, lililonse lolemera makilogalamu pafupifupi 900, ndipo amayendera GPS. Mukalipatsa manambala a malo, limapita pomwepo ngakhale kuli mitambo kapena mdima. Ndegeyo inanyamuka ku Whiteman, ku Missouri, ulendo wa maola pafupifupi 30 kupita ndi kubwerera, ndipo oyendetsa anagunda ndendende pamene anauzidwa. Cholakwika chinali manambalawo.

Chimene America imati inkafuna ndi likulu la bungwe la boma la Yugoslavia logula ndi kugulitsa zida zankhondo, lomwe adiresi yake inali Bulevar Umetnosti 2, ku New Belgrade. Mkulu wa CIA (bungwe la akazitape la America), George Tenet, anauza komiti ya nyumba ya malamulo mu Julaye 1999 kuti wantchito wawo anali ndi adiresi yokha, nyumbayo sankaidziwa. Anatenga mapu atatu, awiri ogula m'sitolo a 1989 ndi 1996, ndi amodzi a boma la America a 1997. Pa onsewo panalibe posonyeza likululo. Ndiye anayang'ana manambala a nyumba za m'misewu yoyandikana, n'kujambula mizere, n'kunena kuti nambala 2 iyenera kugwera apa. Njira imeneyi asilikali amagwiritsa ntchito kutchire poyerekeza pamene pali chinthu chakutali. Mumzinda siyenda, chifukwa manambala a msewu wina salondolozana ndi a msewu wina. Nyumba yeniyeni inali mamita mazana ochepa kuchokera pamene analozapo.

Nasibeko:
Ndiye mapu akalewo akubwera pati, a Mwale?

Mwale:
Pa sitepe yachiwiri, mayi. Malo akasankhidwa amawafananiza ndi ndandanda ya malo osayenera kugundidwa: zipatala, masukulu, matchalitchi, maofesi a akazembe. China inasamutsa ofesi yake mu 1996 kuchoka mkati mwa mzinda wakale kupita kutsidya la mtsinje wa Sava, koma m'makompyuta a asilikali ndi a akazitape inkaonekabe pamalo akale. Ndandandayo sinachenjeze aliyense. Chodabwitsa n'chakuti akuluakulu a boma la America anali atalowamo kangapo mu ofesi yatsopanoyo, koma zimene ankadziwa sizinafike kwa olemba ndandanda.

Sitepe yachitatu ndi zithunzi za setilaiti. Oziona ankafuna kudziwa kuti nyumbayo imafuna mabomba angati ndipo oyandikana nayo avulala bwanji. Funso lakuti "kodi ndi nyumba yomweyi?" aliyense ankaganiza kuti mnzake wam'mbuyo walifunsa kale. Panali munthu mmodzi wa udindo wapakati amene anakayikira kuti nyumbayo si likulu lija. Sankadziwa kuti ndi ya kazembe, ankangoona kuti malowo sakugwirizana. Anaimba foni kwa asilikali ku Ulaya, koma kukayika kwake sikunakwere n'kufika kwa munthu wamphamvu zoimitsa ndege.

Chikumbu:
Ine nkhani ya mapuyo siindikhutiritsa, ndipo musaganize kuti okayikira ndi a China okha. Mu Okutobala 1999 nyuzipepala ya The Observer ya ku Britain pamodzi ndi Politiken ya ku Denmark zinalemba kuti anachitira dala, ati chifukwa ofesiyo inkathandiza asilikali a Yugoslavia kutumiza mauthenga a wailesi. Onjezani mawu a Tenet yemweyo akuti pa nkhondo yonseyo malo okhawo ndi amene CIA inasankha yokha. Nkhondo ya masiku 78, malo amodzi okha, ndipo amodziwo n'kukhala ofesi ya kazembe wa China. Munthu asakayikire bwanji?

Mwale:
Kukayikira n'komveka, achimwene, koma mfundo imeneyo ili ndi mbali ziwiri. Bungwe limene silisankha malo oponyapo mabomba tsiku ndi tsiku limakhala lilibe ndondomeko yake, ndipo n'kumene munthu angatenge njira ya kutchire n'kuigwiritsa ntchito mumzinda popanda womuletsa. Komanso nkhani ya The Observer inatsamira pa anthu osatchulidwa maina. Nduna za zakunja za America ndi Britain, a Madeleine Albright ndi a Robin Cook, anaikana, ndipo The New York Times itafufuza payokha inalemba mu Epulo 2000 kuti sinapeze umboni wakuti anachitira dala.

Chikumbu:
Kusapeza umboni m'mafayilo amene mwini wake wasankha kukuonetsa si chinthu chachikulu.

Tsinde:
Apa a Chikumbu agunda pamene pali vuto lenileni, ngakhale sindikugwirizana nawo pa za dala. Kafukufuku yense anachita ndi CIA ndi unduna wa chitetezo wa America, kutanthauza oganiziridwa omwewo. China sinaloledwe kuona mafayilo kapena kufunsa wantchito ndi mmodzi yemwe. Mu Juni 1999 a Thomas Pickering, mmodzi wa akuluakulu a unduna wa zakunja, anapita ku Beijing kukafotokoza pakamwa zimene apeza, ndipo boma la China linayankha kuti kufotokozako n'kosakhutiritsa. Pamenepo nkhani inauma. Ngakhale zonse zimene Pickering ananena zikhale zoona, panalibe njira yoti wina wapadera azitsimikizire. Pa zofuna zinayi za a Tang, chachiwiri ndi chachitatu zinachitika mwa theka: anafufuza, anaulutsa, koma anadzifufuza okha.

Jere:
Nanga NATO? Nkhondo inali yake.

Tsinde:
Dzina linali lake, ndipo a Javier Solana, mlembi wamkulu, anapepesa. Koma ndege za B-2 zinkayenda pa ndondomeko ya America yokha, malo anasankha ndi CIA, mabomba anali a America. N'chifukwa chake China inalunjika ku Washington, ndipo ndalama zinatuluka ku Washington, osati ku Brussels, kulikulu la NATO. M'mgwirizano wa maiko ambiri ichi n'chofunika kuchiyang'ana msanga: ndani anasankha malo, ndani anavomereza, ndege inali ya ndani. Mukapanda kutero aliyense amabisala kuseri kwa mnzake. Nduna yaikulu ya Germany, Gerhard Schröder, anali ndi ulendo wa ku China sabata yotsatira. Unafupikitsidwa kukhala wa tsiku limodzi, ndipo anakathera nthawi yake kupepesa chinthu chimene ndege za dziko lake sizinachite.

Nasibeko:
Ndiloleni ndilowetse za malamulo, chifukwa anthu amathamangira Pangano la Vienna la 1961 ngati kuti limayankha zonse. Ndime 22 imati malo a kazembe sakhudzidwa: apolisi kapena asilikali a dziko limene ofesiyo ili saloledwa kulowamo popanda chilolezo cha kazembe, ndipo dzikolo lili ndi udindo wapadera woteteza malowo. Ndime 45 imati udindowo ulipobe ngakhale pa nkhondo kapena ubale ukatha. Khothi la maiko ku The Hague linatsimikiza zimenezi mu 2005 pa mlandu wa Congo ndi Uganda, pamene linapeza kuti Congo inalakwa chifukwa asilikali ake anaukira ofesi ya kazembe wa Uganda ku Kinshasa n'kuzunza antchito ake.

Koma taonani amene panganolo likumumanga. Ndi mwini dziko. Ku Belgrade mwini dziko anali Yugoslavia, ndipo sanaponye bomba ndi iye. Dziko lachitatu likagunda, malamulo amene amagwira kwambiri ndi a nkhondo: ofesi ya kazembe ndi malo a anthu wamba, ndipo woukira ayenera kuchita zonse zotheka kutsimikiza kuti chimene akugunda n'cha nkhondo. Zili m'ndime 57 ya pangano loonjezera la Geneva la 1977. America sinavomereze panganolo, koma lamulo la kusamalali maiko ambiri amalitenga ngati la chikhalire lomanga aliyense. Ndiye mawu akuti "sitinachitire dala" satseka mlandu wa boma. Funso limakhala lakuti munasamala mokwanira?

Kaphiri:
Ngati zili choncho, bwanji China sinapite ku khothi?

Nasibeko:
Khothi la ku The Hague siliweruza dziko limene silinavomere kuweruzidwa. China inachoka pa ndondomeko yovomereratu milandu mu 1972, America inachoka itakwiya ndi mlandu wa Nicaragua m'ma 1980. Yugoslavia inayesa: pa 29 Epulo 1999 inasumira maiko khumi a NATO pa nkhondo yonseyo. Milandu ya America ndi Spain inachotsedwa chaka chomwecho, yotsalayo inagwa mu 2004, yonse pa mfundo yakuti khothi lilibe mphamvu. Sanafike n'komwe pofunsa ngati mabomba anali olungama.

Ku Security Council, nthambi ya zachitetezo ya bungwe la United Nations, nako kunalibe khomo. America, Britain ndi France ali ndi veto, mphamvu yoletsa chigamulo. China inaitanitsa msonkhano wadzidzidzi, ndipo chimene chinatuluka pa 14 Meyi ndi mawu a wapampando osonyeza chisoni ndi nkhawa, opanda kudzudzula aliyense.

Tsinde:
Tisaiwale khothi la milandu ya nkhondo ya Yugoslavia, limene linali ndi mphamvu pa munthu aliyense wopalamula m'dera limenelo, wa NATO yemwe. Komiti ya ofesi ya woimira boma pa milandu inaunika nkhaniyi, ndipo mu Juni 2000 mkulu wa ofesiyo, mayi Carla Del Ponte, analengeza kuti satsegula kafukufuku. Maganizo a komitiyo anali akuti oyendetsa ndege alibe mlandu chifukwa anapatsidwa malo olakwika, akuluakulu a nkhondo alibenso mlandu chifukwa anapatsidwa uthenga wolakwika ndi bungwe lina. Muwerenge bwino pamenepo. Wapansi wamasulidwa chifukwa anamvera wapamwamba, wapamwamba wamasulidwa chifukwa anakhulupirira wapambali. Amnesty International, bungwe loona za ufulu wa anthu, mwezi womwewo inanena kuti NATO sinasamale mokwanira, koma Amnesty si khothi.

Jere:
Ndiye chachinayi, chilango.

Mwale:
Chinabwera patatha miyezi khumi ndi umodzi. Mu Epulo 2000 CIA inachotsa ntchito munthu mmodzi n'kudzudzula ena asanu ndi mmodzi, ena pakamwa, ena ndi makalata. Maina sanatchulidwe. Uja anakayikira malowo anayamikiridwa. Palibe amene anazengedwa mlandu, palibe mkulu wa asilikali amene anatsitsidwa, ndipo Tenet anakhalabe pa mpando mpaka 2004. China inakana, inati zimenezo n'zosakwanira.

Chikumbu:
Kwathu timati nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu. Uku zinapota mwana yekhayo. Wojambula mizere pa mapu analakwa, inde, koma ndani analola kuti bungwe lopanda ndondomeko lisankhe malo? Ndani anasiya ndandanda ya maofesi a akazembe zaka zitatu osaikonza, chonsecho akudziwa kuti akukaponya mabomba mumzinda wodzaza akazembe?

Mwale:
Pamenepo sinditsutsa. Tenet ndi nduna ya chitetezo, William Cohen, anavomera kuti vuto linali la ndondomeko yonse osati munthu mmodzi, ndipo anasintha zina: kukonza ndandanda ya malo osagundidwa, kufunsa anthu amene anakhalako mumzindawo asanavomereze malo. Koma mawu akuti "ndondomeko ndi imene inalakwa" amakoma kwa akuluakulu, chifukwa ndondomeko siichotsedwa ntchito.

Kaphiri:
Tikambeko za mbali ya China, chifukwa nayo ili ndi zoyankha. Kuyambira pa 8 Meyi anthu masauzande ambiri, ochuluka ophunzira a m'mayunivesite, anazinga ofesi ya kazembe wa America ku Beijing n'kumaigenda ndi miyala ndi utoto. Kazembe James Sasser anatsekeredwa mkati masiku angapo. Ku Chengdu anatentha nyumba ya mkulu wa ofesi ya America. Ya Britain nayo inagendedwa. Pa 9 Meyi a Hu Jintao, omwe anali wachiwiri kwa pulezidenti, analankhula pa TV kuti boma likugwirizana ndi zionetsero zotsata malamulo koma anthu asapyole muyeso. Kupepesa kwa pulezidenti wa America, a Clinton, nyumba zoulutsa mawu za boma sizinakuulutse msanga, ndipo pulezidenti wa China, a Jiang Zemin, sanalandire foni yawo mpaka pa 14 Meyi. Apa mpamene ndime 22 ija ikugwira popanda kukayika: mwini dziko anali China, ndipo udindo woteteza unali wake.

Nasibeko:
N'chifukwa chake ndalama zinayenda mbali zonse ziwiri. Poyamba, chapakati pa 1999, America inavomera kupereka madola 4.5 miliyoni kwa mabanja a omwalira ndi ovulala. Mu Disembala anagwirizana za nyumba: America ipereke madola 28 miliyoni pa ofesi ya ku Belgrade, China ipereke madola 2.87 miliyoni pa zimene zinaonongeka ku Beijing ndi kwina. Ndalama za America zinayenera kudikira nyumba ya malamulo kuti ivomereze.

Mawu amene analembedwa ndi ofunika kuposa manambala. America inatsindika kuti ikupereka mwa kufuna kwake, osati chifukwa chovomera mlandu pa malamulo, komanso kuti zisadzakhale chitsanzo cha mtsogolo. Ndi chipukuta misozi, osati chindapusa. Anachitanso chimodzimodzi pa ndege ya Iran Air imene sitima yawo yankhondo inagwetsa mu 1988, n'kupha anthu 290: mu 1996 anavomera madola 61.8 miliyoni kwa mabanja, osavomera mlandu. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Ukavomera kamodzi kuti kulakwitsa pa nkhondo kumakumanga kulipira, onse amene mabomba ako anawagwera molakwika abwera ndi makalata awo. Pa nkhondo yomweyo sitima ya pamtunda inagundidwa pa mlatho wa Grdelica, ndiponso mdipiti wa anthu othawa nkhondo pafupi ndi Djakovica. Amenewo analibe boma lamphamvu lowalankhulira ku Washington.

Jere:
Ubale wa maiko awiriwa unaonongeka mpaka pati? Sindinamve kuti anathamangitsana akazembe.

Tsinde:
Sanathamangitsane. Dziko lokwiya lili ndi makwerero: kuitana kazembe kudzamudzudzula, kuimitsa zokambirana, kuitanitsa kazembe wako kuti abwerere kwawo, kuthamangitsa wa mnzako pogwiritsa ntchito ndime 9 ya Pangano la Vienna, ndipo pamapeto kudula ubale. China inaima pa lachiwiri, koma inasankha bwino zoimitsa: kuyenderana kwa akuluakulu a asilikali, zokambirana za kuchepetsa zida, ndi zokambirana za ufulu wa anthu. Zonsezi ndi zimene America inkazifuna kuposa China. Sitima zankhondo za America zinakanizidwanso kuima ku Hong Kong kwa kanthawi.

Za malonda zinangozizira, sizinafe. Nduna yaikulu ya China, a Zhu Rongji, anali atabwerako chimanjamanja ku Washington mu Epulo pa nkhani yoti China ilowe WTO, bungwe la zamalonda la dziko lonse, ndipo mabombawa anawafooketsa kwambiri kwawo. Koma a Clinton ndi a Jiang anakumana ku Auckland mu Seputembala, ndipo pa 15 Novembala 1999 pangano la maiko awiriwa pa za WTO linasainidwa ku Beijing. Miyezi isanu ndi umodzi yokha. Ngakhale pa Kosovo pomwepo, pa 10 Juni China ikanatha kuponya veto pa chigamulo 1244 cha Security Council, koma inangokhala osavota.

Kaphiri:
Tikayerekeza ndi za ku Damascus pa 1 Epulo 2024, kusiyana kukuoneka. Nyumba ya m'bwalo la kazembe wa Iran inagundidwa, anafa akuluakulu a asilikali kuphatikizapo Mohammad Reza Zahedi. Israel sinalengeze kuti ndi iyo, panalibe kupepesa, panalibe woti n'kutumidwa kukafotokoza chifukwa maikowo alibe ubale. Patatha milungu iwiri Iran inayankha ndi ma drone ndi mizinga yoposa 300. Ku Belgrade kuvomera msanga kuti "ndife", ngakhale kufotokoza kwake kunakanidwa, kunapatsa Beijing poyambira kukambirana.

Chikumbu:
Musayerekeze kwambiri, a Kaphiri. Ku Damascus anali adani kale, ndipo palibe amene ananena kuti walakwitsa malo. China mu 1999 inalibenso mphamvu yobwezera ngakhale ikanafuna, ndipo inkafuna WTO. Kudekha kwake kunachokera pamenepo osati pa kupepesa kwa a Clinton. Komanso musati nkhani inatha. Pamalo pomwepo lero pali nyumba ya chikhalidwe cha China ndi mwala wa chikumbutso. A Xi Jinping anakaikapo nkhata mu 2016, ndipo mu 2024 anafika ku Belgrade pa 7 Meyi penipeni, zaka 25 chichitikireni. Nthawi zambiri NATO ikadzudzula China, a unduna wa zakunja ku Beijing amaitulutsa nkhaniyi.

Nasibeko:
Ndipo amatha kuitulutsa chifukwa palibe chikalata cha munthu wapadera chowatsutsa. Njira inalipo. Maiko awiri atha kugwirizana kuika komiti yofufuza yokhala ndi anthu a maiko ena, monga Britain ndi Russia anachitira pa nkhani ya Dogger Bank, pamene sitima zankhondo za Russia zinawombera mabwato a asodzi a Britain mu 1904. Akuluakulu asanu a nkhondo ya panyanja anakhala ku Paris, anamva mboni za mbali zonse, ndipo Russia inalipira mapaundi 65,000. Ku Belgrade chopinga chikanakhala zinsinsi za akazitape, koma zofunika kuona zinali zochepa: mapu atatu aja, pepala limene malo anavomerezedwera ndi amene anasainapo, tsiku limene ndandanda inakonzedwa komaliza, ndi zolemba za mafoni a uja anakayikira.

Jere:
A Mwale, funso lomaliza la ntchito yeniyeni. Ofesi ya kazembe imene ili mumzinda woti uphulitsidwa ingachite chiyani kuti isadalire ndandanda ya eni mabomba?

Mwale:
Itumize manambala a GPS a nyumba iliyonse, ofesi ndi kogona antchito komwe, kwa mbali zonse zomenyana, polemba, kudzera ku likulu la dziko lake, ndipo ifune kalata yotsimikiza kuti alandira. Adiresi ya msewu yokha siyokwanira, Belgrade yaonetsa chifukwa chake. Ilembe chizindikiro chachikulu padenga, chifukwa mbendera ya pamtengo sioneka bwino pa chithunzi chojambulidwa kuchokera kumwamba. Ichepetse ogona m'nyumbamo usiku, ndipo ikasamuka itumizenso manambala atsopano tsiku lomwelo. Izi sizitchinga bomba: chipatala cha bungwe la madokotala la MSF ku Kunduz, ku Afghanistan, chinali chitapereka manambala ake masiku ochepa chisanagundidwe ndi ndege ya America mu Okutobala 2015, ndipo anafa anthu 42. Koma kumeneko asilikali 16 analangidwa pa ntchito, ndipo palibe amene akanatha kunena kuti sanauzidwe kuti chipatala chili pati.